Mazira a pa Damu la Ketterly

Wapolisi wofufuza milandu Marlys Hoekstra adafika pa damu la Ketterly nthawi ya 7:40 m'mawa, mphepo ya mu Epulo ikuluma makutu. Duane Pospisil, kapitawo wa otolera mazira a nsomba za walleye, adali gone pansi m'shedi, mutu utaphulika pa ngodya ya tebulo lachitsulo.

Yemwe adaitana apolisi ndi Arlen Sundby, mkulu wa imvi amene adakalambira limodzi ndi malemuyo pa ntchitoyi.

"Ndamupeza chonchi, mayi," adatero Arlen. "Funsani Royce Vondra. Dzulo adatukwanizana chifukwa damu talitseka mpaka nsomba zitatha kuikira."

Pofika masana Vondra, msodzi wa pakamwa polasa, adali m'chitokosi, mlandu wakupha ukumuyembekezera.

"Ndidamutukwana, inde," adatero. "Ndimatukwananso galu wanga, koma akadali moyo."

Anzake a Hoekstra adati nkhani yatha. Koma iye adali ndi kamtima kofunsa ngakhale zomwe sizikumukhudza, ndipo chidamusowetsa mtendere ndi beseni la mazira lomwe adaliona patebulo. Adabwerera kushedi, napeza Ilene Kvamme, mayi wonyamula mazira kupita nawo koswetsera.

"Awa atayika, eti?"

"Atayika pati? Ali moyo onse."

"Nanga dongo ndi nthengayi n'zachiyani?"

"Tikafinya mazira m'nsomba yaikazi n'kuthirapo umuna, timaikamo madzi a dongo n'kumavundula ndi nthenga ya nkhukundembo. Mukangosiya pang'ono, amamatana ngati phala la dzulo, basi afa."

Hoekstra adanjuta. Nthenga idali pansi, pamwamba pa magazi, ndipo madontho a dongo adaumira pamwamba pa magaziwo. Adakumbukiranso kuti manja a malemu adalibe dongo ngakhale pang'ono.

Nthawi ya 3:15 Arlen adali m'chipinda chofunsira mafunso, khofi akutayikira m'kapu yomwe adagwira.

"A Sundby, Vondra amadziwa kuvundula mazira?"

"Uja? Amangodziwa kukazinga."

"Ndiye adawavundula ndani Duane atagwa kale?"

Mkuluyo adaika kapu pansi.

"Adandiuza kuti chaka chino n'changa chomaliza pa ntchitoyi," adayamba motsitsa mawu. "Akuti manja anga akunjenjemera, ndikuvulaza nsomba zazikazi pofinya. Adanena zimenezi umuna tangothira kumene. Ndidamukankha. Kukankha chabe, mayi, ngati mmene tinkachitira kale poseweretsana. Nditaona magazi ndidadziwa kuti wapita. Kenako ndidaona beseni. Mazira okwanira kudzaza nsomba m'madamu atatu, akuyamba kumatana. Ndikanawasiya bwanji?"

"Munavundula nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka atasiya kumata. Ndidawatsuka, kenako ndidaimba foni. Mwina ola."

Hoekstra adatuma mnzake kuti akamasule Vondra. Arlen adamumvetsa chisoni, ndipo zomwe zidatsalazo sadafune kuzinena. Koma mkuluyo akanazimvabe kukhoti, pamaso pa mkazi wa malemu.

"Munamugwira pakhosi kuti muone ngati mtima ukugunda?"

"Ayi. Manja adali m'beseni."

"Dokotala wamupima, a Sundby. Duane sadafere pomwepo. Adali akupuma nthawi yonse imene inu mumavundula, ndipo ambulansi ikanafika m'mphindi khumi."