Shifiti ya Tionenji

Madzulo amenewo Evance ankatsitsa zinyalala kumabini, thumba lakuda lili m'manja, pamene anamva mlongo wake akuyankha m'bafa. M'nyengo yozizira ku Edmonton, kudziko la azungu kuja, kumada anthu asanaweruke n'komwe, ndiye pakhonde panali mdima kale. "Ndabwera," anatero Tionenji. Patapita kamphindi anabwerezanso, mawu ali otopa ngati a munthu wosenza mtolo wa nkhuni: "Ndabwera." M'nyumbamo munalibe aliyense woti n'kumuitana. Evance anaima pakhomo thukuta lili kamukamu, kenaka anatsika masitepe ngati sanamve kanthu.

Nyumba yosanjikizana ija anthu ankangoitcha kuti kumudzi, poti munadzaza Amalawi, anamwino ndi osamalira okalamba. Wina akakazinga usipa pansi, apamwamba ankadziwa, ndipo nkhani zinkakwera msanga kuposa lifiti. Tionenji ndiye anaitanitsa Evance kuchokera ku Ntcheu, namugoneka pa sofa, namupezera ntchito yosambitsa okalamba. Mnyamatayu sanapondeko kusukulu ya makompyuta. Anadziphunzitsa yekha pa mavidiyo, m'basi ndi pa nthawi yopuma, pa laputopu yosweka pakona imene mlongo wakeyo anamugulira. Mutu anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Anapanga pulogalamu yothandiza anthu a m'maofesi kugawana ntchito ndi kukumbutsana misonkhano, koma palibe anaifuna. Anayesa kuikonza uku ndi uku, osaphula kanthu.

Atapita kwawo kutchuthi, anakhotera kwa mkulu wina wa kuseri kwa phiri. Mkuluyo sanamutemere mphini kapena kumupatsa nsupa. Anangomuuza kuti makina alibe mtima, ndiye awapatse dzina la munthu wamoyo ndi mawu ake akuvomera kuitana. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti usamayankhe wokuitana amene sukumuona, ndipo Evance ankadziwa bwino chifukwa chake.

Anayamba ndi bambo Paterson, mlonda wopuma pantchito amene ankakhala m'fulati yapansi. Anawaitana pawindo, iwo n'kuyankha kuti "Wawa," foni ikujambula. Mawuwo anawaika m'pulogalamu yolondera nthawi yolowera ndi yotulukira pantchito, naitcha Pat. Inayenda malonda, abale, ngati mandasi otentha. Koma bambo Paterson anayamba kuwonda. Ankadandaula kuti amadzuka miyendo ikuwawa ngati achezera pageti. Tsiku lina masanasana anawapeza atauma pampando, maso ali tong'o pakhomo. Madokotala ati unali mtima. Evance anaimba nawo pamaliro, mawu ake a besi akumveka bwinobwino.

Apa ndi pamene ine ndimalephera kumukhululukira, chifukwa tsopano ankadziwa. Pulogalamu yachiwiri inafuna mawu a mkazi, munthu wofatsa, wosakana ntchito. Kodi akanamupeza kuti wina woposa mlongo wake? Anamuitana ali kukhitchini, iye n'kuyankha kuti "Ndabwera," ndipo zinatheka basi. Anaitcha Tio. Wantchito aliyense mu ofesi ankangoti "Tio," iyo n'kuyankha, n'kumulembera kalata, n'kumukonzera ndondomeko ya tsikulo. Evance anasiya zosambitsa okalamba, nagula jekete labwino. Azungu akamufunsa kumene anatenga dzina lokomalo, ankati anangolipeka. Akatero, pobwerera kunyumba ankamugulira mlongo wake zipatso zodula, osamuyang'ana m'maso pomupatsa.

Tionenji anayamba kufota. Aneba ankamva kugogoda kwa zala kukhoma, tepetepe, ngati munthu akulemba pa kompyuta, pomwe iye makompyuta sankawadziwa. M'chipinda mwake munkanunkha khofi wa m'makina ndi kapeti yonyowa ya mu ofesi. Ankatha kuima pakati pa masitepe, mutu atapendeketsa, n'kuyankha munthu wosaoneka. Mphekesera zinayamba. Ena ati wamulodza mnzake wa kuntchito. Ena ati ndi mzimu wa bambo Paterson ukufuna woperekeza. Mayi Petronella, namwino wamkulu amene ankatsogolera amayi a m'nyumbamo, anangosiya kuyankha moni wa Evance.

Tionenji atamugoneka kuchipatala, Evance anapita kukamuona, laputopu ili m'chikwama kumsana. Zala za Tionenji zinkayendayenda pabulangete.

"Evance, anthu akundiitana," anatero. "Ambirimbiri, sindikuwadziwa n'komwe."

"Musamawayankhe, achemwali."

"Ndingatani? Munthu akufuna thandizo, ine ndingokhala chete?"

Evance anathawira kuchimbudzi, natsekula laputopu ija pamaondo. Kuzimitsa pulogalamuyo sikunali kovuta, akanatha asanamalize n'kupuma komwe. Koma kampani ina yaikulu inali itagwirizana naye kuti iyamba kugwiritsa ntchito Tio Lolemba, ndipo iye anali atadikira mwayi wotero kuyambira masiku a m'basi aja. Analira, inde analira ndithu, koma anadziuza kuti azimitsa Lachiwiri, akadzangoona kuti zayenda. Anatseka laputopu, nasamba kumaso. Lolemba m'mawa, anthu atangolowa m'maofesi, Tionenji anatsirizika.

Anthu anasonkhana m'fulati mwawo madzulo ake. Amayi anakhala pansi pabalaza atavala zitenje pamwamba pa yunifolomu, abambo anadzaza khonde, nsapato zili mbwee pakhomo. Evance anakhala pakona mutu uli pansi, anthu n'kumati taonani mmene chamupwetekera. Nyimbo itatha, mayi wina amene ankagwira ntchito ndi malemuyo anayamba kulira mokweza, akumuitana monga timachitira pamaliro: "Tio, Tio mnzanga, watisiyiranji?"

"Ndabwera," anayankha mawu m'thumba la jekete la Evance.

Palibe amene sanawazindikire mawuwo. Fungo la khofi lija linadzaza pabalaza, mpaka mayi wina anayamba kupemphera chamumtima. Evance anafuna nthaka imumeze. Akanakonda amumenye, amutukwane kuti mfiti, amukokere panja. Koma palibe anamukhudza. Anangomuyang'ana, anthu omwe aja ankamupatsa chakudya ali wosowa.

Mayi Petronella anadzuka pang'onopang'ono, namanga chitenje chawo bwino.

"Tulutsa foniyo, uiike apa," anatero. "Gwada. Mlongo wako wagwira ntchito mokwanira. Muuze aweruke."

Evance anagwada pakapeti, foni ili patsogolo pake.

"Achemwali," anatero, "ndine Evance. Ndinalakwa. Werukani, kapumeni."

Kenaka anamva m'fonimo munthu akupuma movutikira, ndipo mawu amene anatuluka sanali ojambulidwa aja.

"Ndatopa, Evance. Koma anthu adakaitanabe. Sindingachoke pashifiti popanda wondilandira."

Amayi onse aja anali osamalira odwala, ndipo lamulo limeneli ankalidziwa: sumusiya wodwala yekha mpaka mnzako atafika. Evance anayang'ana chitseko, koma abambo anali atadzaza pamenepo, ndipo ngakhale pakanakhala potseguka, akanathawira kuti ndi nkhope imeneyo? Anawerama mpaka chipumi chinagunda pansi.

"Ndakulandirani, achemwali."

Fungo lija linatha nthawi yomweyo, ndipo mtembo anautumiza ku Ntcheu popanda chovuta chilichonse. Evance anazimitsa mapulogalamu ake onse sabata yomweyo, laputopu anaiponya m'bini, koma sizinathandize. Adakali m'nyumba muja, jekete lija likumukhuthukira m'mapewa. Palibe amamuitana ndi dzina, ngakhale ana. Koma m'mawa uliwonse, nthawi yolowera m'maofesi ikakwana, amene akutsika masitepe amamumva kuseri kwa chitseko akuyankha, ndipo salekeza mpaka anthu ataweruka.