Mipando Yosadyedwa ndi Chiswe

Bambo anga, a Amosi, anali mmisiri wa mipando wopanda matabwa. Anabwera ku Chiringa kudzakhala chikamwini kwa amayi, a Gertrude, atanyamula sowo, nsompho ndi malaya amodzi. Mkungudza wa m'phiri unali wa boma, ndipo chitupa chodulira chinkafuna ndalama zimene iwo analibe. Ankakhoma timipando ta mitengo ya m'munda, chiswe n'kutidya mvula isanathe. Mmisiri wa ku Fort Lister akamadutsa pa njinga atamanga mipando ya mkungudza kumbuyo, bambo ankamuperekeza ndi maso mpaka atazimiririka.

Mwini mbumba yathu anali malume, a Dickson, mlongo wa amayi. Pakamwa pawo sipankauma.

"Alamu, mpando wanu uja ndinakhalapo dzulo, ndinangopezeka ndili pansi. Kodi mumapangira anthu kapena nkhuku?"

Bambo anathawira ku Joni. Anabwerako mu 1954 opanda chuma, koma ndi nzeru imodzi. M'shedi ya mzungu wopanga maboti anaona ulusi wonyezimira ngati galasi ukuyalidwa pa chikombole, n'kupakidwa mankhwala onata. Kukacha chinkatuluka chinthu cholimba, chopepuka, chosawola. Anati ngati boti litheka popanda thabwa, mpando uthekanso.

Ulusi wagalasi kuno kulibe, tsono anasasantha khonje. Anaumba chikombole chadothi chonga munthu wakhala pansi. Anaphika utomoni wa mlombwa, wa mkuyu, ulimbo, phula la njuchi, mpaka phala la chinangwa. Miyezi isanu ndi itatu mpando sunaume. Wina unkangonata ntchentche, wina unkasweka ngati chigoba cha dzira.

Amene anawatengera kwa sing'anga Mukhuna, kuseri kwa phiri la Michesi, ndi a Dickson. Izi amazinena okha akaledzera.

"Mukufuna chuma, kapena mukufuna mpando uume?" anafunsa Mukhuna.

"Ukauma, chuma chibwera chokha," anatero bambo.

"Ndiye mwabwera mutaganiza kale. Utomoni wanu ulibe vuto, chikusowa ndi chizimba. Pa mpando uliwonse muziponya chikhadabo chimodzi mumphika. Mpando ukauma, mfundo imodzi ya thupi la mwini chikhadabo iuma nawo."

"Mfundo iti?"

"Mphika ndi waulemu. Umayamba ndi zazing'ono."

"Nanga inu tikupatsani chiyani?"

"Tambala mmodzi. Ine sindidula mtengo. Wodula ndi mphikawo."

A Dickson anasendera pafupi. "Chikhadabocho n'cha munthu aliyense?"

"Cha magazi a mmisiri. Iye, kapena ana ake."

"Changa chokha," anatero bambo. "Mipando khumi, ndisiya. Zala za kumapazi ndili nazo khumi, ndipo sindigwirira sowo."

Mukhuna anaseka. "Onse amati khumi."

Mpando woyamba unauma dzuwa lisanapendeke. Unali wofiirira ngati uchi, wopepuka woti n'kuunyamula ndi dzanja limodzi. Anausiya pa chulu sabata yathunthu, chiswe osaukhudza. Tsiku lomwelo kachala kakang'ono ka phazi lamanzere la bambo kanauma gwa.

Woyamba kugula anali a Bwanali a sitolo ya pamsika. Kenako aphunzitsi, akapitawo a ku esiteti, akuluampingo. A Dickson anagula njinga. Amayi anagula makina osokera. Ine Laston ananditumiza kusukulu ya mishoni, ndipo sindibisa, ndalama imeneyo ndinaidya nawo osadziwa.

Mipando itakwana khumi bambo anati basi.

"Basi, malata ali theka la denga?" anatero amayi. "Anthu atiseke?"

Mphika unabwerera pamoto. Anauma akakolo. Anauma mawondo. Chinauma chiuno. Munthu wopangira anzake pokhala sankathanso kukhala. Ankadya chiimire, ndipo pogona ankachita kuwagoneka anthu awiri ngati mtanda wa denga. Zala za m'manja zitayamba, a Dickson anatenga ntchito yoyala khonje, bambo n'kumangoyang'anira mphika, chifukwa ndi iwo okha ankadziwa utomoni ukapsa.

Mudzi wonse unati ndi nyamakazi. Bodza. A Dickson anali ataulula kale pamowa, aliyense ankadziwa. Ogula ankafika pakhomo, n'kupeza mmisiri atatsamiritsidwa pakhoma ngati khasu, n'kunena kuti, "Pepani ndi nyamakaziyi, bambo. Wanga uja utha liti?"

Pofika dzinja la 1957 chinatsala ndi mkono wamanja, msana, khosi, nsagwada ndi chifuwa. Apa a Dickson analonjeza a Bwanali mipando isanu ndi umodzi ya ukwati wa mwana wawo. Bambo anakana.

"Ndatha, alamu. Ndionenitu."

"Ndani wati muponye chanu? Eveles ali ndi zikhadabo makumi awiri, sanagwiritsepo n'chimodzi chomwe."

Eveles ndi mlongo wanga. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Mwana wanga?"

"Wanu? Alamu, mwaiwala pomwe muli. Inu munabwera kuno ndi sowo. Ana awa ndi a mbumba yanga. Chala chimodzi chikauma, akwatiwabe."

Amayi anali pomwepo. Anangowerama n'kupitiriza kupalasa makina awo.

A Dickson anamuwenga mwanayo ndi lumo, nakulunga zikhadabo m'tsamba, nakazibisa m'nyumba mwawo. M'mawa mwake utomoni ukuwira, bambo anapempha kuti awaimike pafupi ndi mphika aone ngati wapsa. Anawaimika. A Dickson anapita kukatenga katsamba kaja.

Eveles anaona zonse ali pakhonde. Bambo anakweza mkono umene unatsalawo, naluma chikhadabo, nalavulira mumphika. Analumanso. Kasanu pa dzanja limenelo, magazi ali chuchuchu. Kenako ananyamula dzanja lamanzere louma lija, naluma chachisanu ndi chimodzi.

"Musavutike, alamu," anatero a Dickson atafika. "Mphika wadya kale."

Apa mpamene ndimafuna aliyense amve. Mfundo inkauma pokhapokha mpando ukauma. Akanataya utomoniwo kudzala, bambo akanakhala ndi moyo. A Dickson anayang'ana mphika, anayang'ana zikombole zisanu ndi chimodzi zitayalidwa khonje, nati, "Utomoni wabwinobwinowu uwonongeke?" Anatenga chipande n'kuyamba kupaka. Amayi anathandiza kusunthira zikombole padzuwa.

Unauma mpando woyamba, chigongono chinauma. Wachiwiri, phewa. Wachitatu, msana. Wachinayi, khosi. Wachisanu utauma nsagwada zinagwirana, dzina la Eveles likadali pakamwa. Wotsiriza unachedwa pang'ono chifukwa kunabwera mtambo. Mtambo utachoka, chifuwa chinaleka kukwera ndi kutsika. Anafa chiimire, maso ali tong'o.

Anandiitana kusukulu ndili Sitandade 4, ndipo sindinabwerereko. Pamaliro amuna anakhala pa mipando yomweyo, ena anachita kubwera nayo kuchokera kwawo. Wolira mokweza kuposa onse anali a Dickson. Sabata yotsatira mipando isanu ndi umodzi ija inapita ku ukwati, anthu n'kuiyamikira kukongola.

Musandiuze za Mukhuna. Iye ananena mtengo wake poyera, sananamize munthu. Bambo analakwa, anasirira njinga ya mnzawo mpaka kupereka thupi lawo chikole, ndipo analipira okha mpaka mfundo yomaliza. Chuma cha mankhwala chilibe pomati ndakhuta. Wonena kuti khumi amadzinamiza, chifukwa pofika khumi odya achuluka, ndipo dyera la odyawo ndi loopsa kuposa la wopita kwa sing'anga. Iye amapereka chake. Iwo amapereka cha mnzawo.

Mipandoyo ilipobe ku Chiringa, chiswe sichinaikhudze. Ndikafika pakhomo pa anthu amene ali nayo amathamangira kunditulutsira umodzi, ati mlendo asakhale pafumbi. Ine ndimakhala pafumbipo. Pa mawondo a bambo anga khalanipo nokha.