Foloko ya M'kabati

Ine ndaphunzitsa fizikisi zaka zoposa makumi awiri, ndatopa, ndipo mphamvu zopekera nkhani ndilibe. Izi anaziona ana makumi anayi a m'kalasi mwanga pamodzi ndi ahedi athu. Mukafuna kawafunseni.

M'labu mwathu muli tizitsulo tiwiri ta mphanda, timati mafoloko, kalikonse pa kabokosi kake kathabwa. Kaliridwe kake n'kofanana. Ukamenya foloko imodzi, kunjenjemera kwake kumadutsa mumpweya, inzake n'kuyamba kulira yokha popanda woikhudza. Ndiyo rezonansi imene timazunza nayo ana chaka ndi chaka.

Phunziroli tinkapanga awiri ndi Amakiyi, bambo amene ankasamala labu. Iwo ankaima kumbuyo ndi foloko yawo, ine kutsogolo. Ndikamenya yanga n'kuigwira kuti isiye kulira, yawo inkapitiriza. Ankaseka n'kumati, "Aphunzitsi, mwaitana, ndavomera."

Atagonekedwa m'chipatala anandiimbira foni katatu. Katatu konseko ndinali pa mulu wa mapepala ochonga, msana ukuwawa. Ndinkangoti ndipita mawa. Mawa lakelo linakandifikitsa pa maliro awo. Zimandidya mumtima mpaka lero, sindibisa.

Teremu yotsatira phunziro lija linakwana. Linali Lachinayi masana, kukutentha, ana akusinza, ahedi atakhala kumbuyo kudzaonerera. Foloko ya Amakiyi ndinaisiya m'kabati yokhoma, mtima woinyamula ndinalibe. Ndinati ndingofotokoza pakamwa basi. Ndinaika yanga patebulo n'kutembenukira kubolodi.

Inayamba kulira.

Chapansipansi, ngati udzudzu. Kanyundo komenyera kanali m'thumba mwanga. Panja panalibe galimoto, panalibe mphepo. Fumbi la choko patebulo linkavina. Kenako kunabwera fungo la mankhwala opaka m'mawondo, aja ankapaka Amakiyi tsiku lililonse.

"Mwaimenya?" ananong'ona ahedi.

"Ayi."

"Nanga inzake ili kuti?"

Ndinaloza kabati.

Ana onse anatembenukira kukabatiko. Ine ndinadziwa kuti ndikuitanidwa kachinayi. Ndinatulutsa kanyundo n'kumenya foloko yanga mwamphamvu. "Bambo, ndavomera," ndinatero. Kenako ndinaigwira kuti ndimve ya m'kabati.

Palibe.

Ndinamenyanso. Palibe.

Ahedi anatsegula kabati. Foloko inali pamalo pake, kabokosi kali bwinobwino. Tinaiika pafupi penipeni ndi yanga. Ndinamenya. Ya Amakiyi inangoti duu, ngati wina waifumbatira. Ahedi anandilanda kanyundo n'kumenya okha, ndipo inzake inavomera mpaka kumveka kukhonde. Mtsikana wa kutsogolo anayesa, inavomeranso.

Ndinayesanso ine. Zii.

Papita zaka ziwiri. Phunziro limeneli likafika, kanyundo ndimangopatsa ana, ine n'kukhala pampando. Koma akaweruka, ndisananyamule chikwama, ndimatseka chitseko n'kumenya kamodzi. Ndimadikira mpaka miyendo itatopa.

Amakiyi sanandivomerebe.