Mbatata za pa Khoma la Damu

Tanatswa anaika beseni la zochapa pansi n'kuyang'anitsitsa dothi la kumapazi kwake. Kamadzi kamene kankatuluka m'munsi mwa khoma la damu la bambo ake kanali katasintha mtundu. Chiyambire mvula kankadontha koyera mbee, moti iye ndi mnzake Isaura ankatsukuluzira pomwepo mayunifomu awo. Koma Loweruka limenelo kanali kofiira, kakuthamanga, kakukokolola dothi.

"Isaura, tabwera udzaone kuno!"

Isaura anatuluka m'nyumba ya mayi ake, imene inali chakumunsi pang'ono, moyang'anizana ndi khomalo. Anawerama n'kugwira madziwo. "Si mvula ya dzulo iyi, shamwari?"

"Ya mvula imadutsa pamwamba. Awatu akuchokera m'kati. Waiwala zimene tinaphunzira mu jogalafe? Madzi akamatuluka ndi dothi, ndiye kuti khoma likudyeka."

Damulo silinali lalikulu, moti munthu wa dzanja labwino ankatha kuponya mwala kutsidya lina. Linakumbidwa kalekale dera lawo la Caledonia, kunja kwa Harare, lidakali famu. Anthu atayamba kudula mapuloti, linagwera m'malo a bambo a Tanatswa, a Yosiya Mbewe, amene makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pafamupo. Linkawadyetsa ndithu. Ankathirira repu ndi tomato, oumba njerwa ankadzagula madzi ndi migolo, ndipo iwonso anali atawotcha uvuni wawo woti amangire Tanatswa chipinda chakechake. Koma chaka chatha damulo linauma gwa chilimwe chisanathe, ndipo bambo Yosiya analumbira kuti sadzalolanso dontho ndi limodzi lomwe kupita pachabe. Anatseka ngalande yotayira madzi ndi matumba a mchenga.

Kumeneko kunali kulakwa koyamba. Kwachiwiri kunali mbatata. Munthu wa mu Harare sangaone dothi lili chabe n'kugona tulo. Amalima m'mbali mwa msewu, kuseri kwa siteji ya maminibasi amene amawatcha makombi, ngakhale pansi pa mawaya a magetsi. Nanga bambo Yosiya akanalisiya bwanji khoma lonselo likungomera kapinga? Anazula kapingayo n'kuunda mizere kuyambira uku mpaka uko. Kholowa anabiriwira mosiririka. Mfuko nazo zinamva fungo, zinabwera ndi abale awo omwe.

Tanatswa anawapeza bambo ake pamwamba pa khomalo akupalira.

"Baba, kumunsi kukutuluka madzi ofiira."

"Damu lililonse limachita thukuta, mwanangu."

"Si thukuta, baba. Taonani timilu ta mfuko iti. Zaboola m'kati monsemu. Ndiye madzi afika m'khosi chifukwa cha matumba aja. Bwanji tichotseko ochepa chabe?"

Bambo Yosiya anatsamira khasu n'kuseka mpaka chipewa chinapendekeka. "Khoma ili linamangidwa ine ndisanabadwe. Laona mvula zimene iwe ndi aphunzitsi ako simunazionepo. Lero ligwe chifukwa cha mbewa? Pita ukachape."

Mtsikanayo anatsika mtima ukuwira. Bola akanamukalipira, koma kumuseka! Anakadandaula kwa mayi ake, a Iris, amene anali kumanga repu wopita naye kumsika.

"Bambo ako sukuwadziwa?" anatero mayiwo osadzutsa n'komwe mutu. "Damu lija ndiye mkazi wawo wamkulu, ine ndine wachiwiri. Ukawauza kawiri awonjezera thumba lina."

Ndiye Tanatswa anapita kwa munthu amene ankagona pansi pa khomalo. Mayi a Isaura, a Adelaide, anafika m'dziko muno ali kumbuyo, makolo awo akuthawa nkhondo ku Tete. Nyumba yawo ya zipinda ziwiri anaimanga okha pang'onopang'ono ndi ndalama za tomato amene ankagulitsa pasiteji, njerwa zake zomata ndi dothi chifukwa simenti sanaikwanitse. Atamva nkhaniyo anamanga chitenje n'kukwera kukhoma, Tanatswa ali pambuyo.

"Maswera sei, bambo a Tanatswa," anapereka moni akuwomba m'manja. "Anawa akuti khoma likudontha. Inetu ndi mwana wanga timagona m'munsimu."

"Mayi a Isaura, mwayamba kumvera ana a Fomu 3? Gonani tulo tabwino." Bambo Yosiya anawerama, kuthyola kholowa wambiri n'kuwapatsa. "Kadyeni ndiwo. Ndipo tikayamba kukumba mbatatazi, dengu loyamba ndi lanu. Ndidzabweretsa ndekha pakhomo panu."

Mayi Adelaide analandira ndi manja awiri. Akanati chiyani, poti madzi ochapira ankatunga pa damu lomwelo? Anathokoza n'kutsika. Tanatswa ankangofuna kulanda kholowayo n'kumuponya m'madzi.

Lachitatu, atachoka kusukulu, anapeza kamadzi kaja katanenepa ngati mkono wake. Sanavule n'komwe yunifomu. Analowa m'ngalande n'kuyamba kukoka matumba. Anali olemera ngati miyala, koma anagubuduza limodzi, kenako lina, ndipo madzi anayamba kutsika bwinobwino njira yawo yakale, kulambalala nyumba zonse kupita kudambo. Mtima wake unayamba kukhala pansi.

"Iwe! Wakupatsa damu ndani?"

Anali bambo ake, maso ali psuu. Anamukoka pamkono n'kumuimika pamtunda. "Unaliona damu ili chaka chatha, matope okhaokha, repu akupsa. Ukufuna tidzadye mabuku ako mu Okutobala? Ndisadzaonenso phazi lako pano!"

Anabwezera matumba aja iye akuona, n'kuwonjezera mzere wina pamwamba, monga mayi ake ananenera. Tanatswa analira, osati chifukwa cha mkono ayi, koma ukali. Anauza munthu aliyense woyenera kuuzidwa, ndipo phindu lake linali matumba owonjezera. Chokhacho chimene anakwanitsa ndi kukakamiza Isaura kuti azisunga mabuku ake kwa a Mbewe, kumtunda.

Lamlungu mvula inawapeza m'tchalitchi. Inagunda malata mpaka mlaliki anagonja n'kusiyira kwaya. Itayamba kuchepa anthu n'kumatuluka, anakumana ndi Domingo, woumba njerwa, akuthamanga atanyowa chinyowere.

"Bambo Mbewe! Damu lanu! Fulumirani!"

Atafika anapeza madzi akusefukira pakati pa mizere ya mbatata, ndipo m'munsi muja munali dzenje loti n'kulowa mgolo, likulavula matope. Bambo Yosiya anadumphira m'ngalande ndi jekete la kutchalitchi n'kuyamba kulimbana ndi matumba. Koma matumba onyowa, opanikizana mizere iwiri, sanasunthe n'komwe.

Tanatswa sanawathandize. Anathamangira kumunsi, nsapato zikutsalira m'matope, n'kukankha chitseko cha mayi Adelaide. Anawapeza atakhala pabedi ndi Isaura akudikira kuti mvula ikate.

"Tulukani! Tulukani msanga, khoma likupita!"

"Dikira nditenge bulangeti."

"Siyani, mayi!" Anawagwira dzanja n'kuwakoka, Isaura akuwakankha kumbuyo. Anakwera pachulu cha kuseri kwa puloti, ndipo asanapume n'komwe kunamveka chimkokomo ngati lole ikukhuthula miyala. Pakati pa khoma panatseguka. Madzi ofiira anatsika ndi mizere, kholowa ndi zonse, n'kumenya nyumba ija. Njerwa zomata ndi dothi sizinalimbe. Khoma lakumbuyo linakhala pansi, lam'mbali linatsatira, malata anapendekeka n'kugwera m'kati. Mayi Adelaide sanakuwe. Anangogwira pakamwa n'kumayang'ana.

Tsiku limenelo iwo ndi Isaura anagona kwa a Mbewe. Bambo Yosiya sanadye, ndipo palibe anawakakamiza.

Kutacha dzuwa linawala ngati silikudziwa kanthu. Damu linali chidzenje cha matope, ana akutolamo timatemba. Bambo Yosiya anakhala pakhonde atagwira tsaya. Tanatswa anali atakonzekera mawu ambiri oti adzawauze zikadzachitika, koma powaona chonchi mawuwo anamuthawa. Kunena zoona kuja sikunamubweretsere chimwemwe ngakhale pang'ono.

Kenako anaona mayi Adelaide akukwera kuchokera kubwinja la nyumba yawo, matope mpaka m'mawondo, atasenza dengu. Anafika pakhonde, kulitula pamapazi pa bambo Yosiya, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Linali lodzaza mbatata zazikuluzikulu, zamatope.

"Munati mudzabweretsa nokha, bambo a Tanatswa," anatero mwakachetechete. "Musavutike, zafika kale. Ndazitola pamene panali bedi langa."

Bambo Yosiya anayang'ana dengulo nthawi yaitali. Anavula chipewa n'kutembenukira ku uvuni wa njerwa zowotcha umene unali kuseri kwa nyumba, kenako kwa mwana wawo.

"Tanatswa, chipinda chako chija..."

"Ndikudziwa, baba," anayankha Tanatswa. Chipindacho anachidikira kuyambira ali ku pulayimale. "Ndikatenge wilibala?"

Bambowo anagwedeza mutu movomera. Anagumula uvuniwo ndi manja awo n'kuyamba kupakira, ndipo wilibala yoyamba anaikankha okha kutsika nayo kumunsi kubwinja la mayi Adelaide, kudutsa pa ngalande ija pamene matumba a mchenga anali chikhalire, osasuntha ndi limodzi lomwe.

Mbatata zija zinakhala pakhondepo mpaka zinaphukira m'dengu momwemo. Panalibe amene analimba mtima kuziphika.