Zogwirira Zofunda za Ayub

Chimene chinkamuwawa Simioni si njinga yonse ayi, koma zogwirira zokha.

Iye ndi Ayub anayambira limodzi kabaza wa njinga zamoto pa siteji ya pafupi ndi mlatho wa Mangochi. Kenako mkulu wake wa Ayub anamutumizira njinga yamoto yatsopano kuchokera ku Joni, yokhala ndi zogwirira zofunditsa manja zochokera kufakitale. Anyamata anaseka poyamba, ati Mangochi ndi uvuni kale. Koma mwera wa Juni utayamba, okwera ku Namwera m'mamawa ankabwerako zala zitauma gwa, ndipo aliyense ankapita kukagwirako njinga ya Ayub. Simioni yekha sanaikhudze.

"Bwera umve, achimwene," anatero Ayub.

"Manja anga si a khanda," anayankha Simioni, mtima ukumutentha kuposa zogwirirazo.

Nsanje inafika pakhosi tsiku limene Mayi Zakia anayamikira njinga ya Ayub. Mayiwa ankagulitsa chambo ku Namwera, ndipo ndiwo anali kasitomala wodalirika wa Simioni m'mawa uliwonse. Madzulo omwewo Simioni anagula zogwirira zofunda zake pamsika, za m'kapepala konyezimira, nazimata ndi guluu wa nsapato.

Ayub atamupeza anagwedeza mutu. "Zanga anaziumbira pomwepo, sizisuntha. Zakozi n'zabwinonso, koma guluu ameneyo akatenthedwa amasungunuka. Tipite kwa makaniko akakuikire bwino."

"Zakuwawa kuti si iwe wekha?" anatero Simioni. Munthu wansanje amaona nsanje pankhope ya aliyense.

M'mawa mwake anamangirira dengu la Mayi Zakia, nayatsa zogwirira mpaka pamapeto. Zinatentha kwabasi, ndipo anayenda akuimba mluzu. Ali pakati pa chitunda cha Chowe, chogwirira chakumanja, chomwe amapotokola powonjezera moto, chinayamba kuzungulira chokha ngati chibangili. Anapotokola, anapotokolanso, koma injini sinamve. Njinga inatsokomola n'kuzima, guluu atamata chikhatho chonse.

Dzuwa linakwera. Madzi oundana a m'dengu anayamba kudontha pa tala, ntchentche zikubwera.

"Mwanangu, nsombazi zikaola ana anga adya chiyani?" anafunsa Mayi Zakia. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

Kenako Simioni anamva kulira kwa njinga imene ankadana nayo. Ayub ankatsika kuchokera kosiya munthu. Anaima, anaona dzanja la Simioni, osanena kuti ndinakuuza. Anasamutsa dengu, mayi aja n'kukwera.

Simioni anakhala pamwala n'kumawayang'ana mpaka anakhota. Anadziwa kuti kasitomala wapita, ndipo wamupereka yekha ndi manja awiri.

Patapita nthawi Ayub anabwerera ali ndi chingwe chokokera.

"Afika nsomba zili bwino," anatero. "Amafuna ndiziwatenga ine. Ndawauza kuti yako ikhala itachira pofika mawa."

Simioni anasowa poyang'ana. "Bwanji sunangovomera?"

"Kuti ndizidya ndekha iwe ukundiyang'ana? Tagwira apa, ndimange chingwe."

Simioni anagwira njinga ya mnzakeyo, koyamba chibwerereni. Zogwirira zimene zinamusowetsa tulo mwezi wonse zinali zofunda pang'ono chabe, ngati dzanja la munthu amene akukupatsa moni.