Theka la Mwala wa Ndere

Dailes anakumana ndi Lawson pa siteshoni ya sitima ku Salima, njala ya 1949 itangotha. Iye ankagulitsa usipa wouma, mnyamatayo anatsika ndi dengu la miyala yobiriwira.

"Achimwene, kwanu mumadya miyala?"

Lawson anaseka. Ntchito yake inali kutolera ndere m'mapiri, kupatsa mzungu wofufuza zomera. Koma pakamwa, mwana uja anali ndi uchi.

Tsiku lofunsira anaswa mwala umodzi pakati.

"Taona, wapamtima wanga. Ndere ilibe mizu, imamwa ndi thupi lonse. Ikauma umati yafa, ukaidontheza madzi imadzuka. Mbali iyi ndi yaikazi, sunga. Yaimunayi ndisunga ine. Mbewu yake imasambira m'madzi kukapeza yaikazi, ndiye zikatalikirana sizibereka. Tsiku la ukwati wathu tidzaziphatikiza, udzaona timapesi tofiira tikutuluka, tonyamula fumbi lomeretsa ndere zina."

Dailes anaika theka lake pansi pa mtsuko, pachinyezi. Ankalisamala ngati khanda.

Mvula itayamba, Lawson anayamba kusowa. Amayi ogula nsomba ankanong'onezana kuti amaoneka ku Khombedza, kwa Eveles, mwana wa telala. Nsanje inamudya Dailes mpaka chitenje kumasuka. Eveles ali ndi chiyani? Makina osokera a bambo akewo?

Anasenza usipa, ulendo wa ku Khombedza. Atafika pakhomopo ananamizira ludzu.

"Odi, achemwali, ndipempheko madzi."

Eveles anamutengera pamtsuko. Pansi pake panali miyala iwiri yogundana. Wina unali wachilendo, koma winawo Dailes anauzindikira ndi mng'alu wake. Linali theka la Lawson lija, loti lidikire ukwati wake. Pandere ya mwala wachilendowo panaima timapesi tofiira, mbwee ngati tsitsi la khanda.

"Zokongola, eti?" anatero Eveles. "Anandipatsa a Lawson, bwenzi langa. Akuti poti zabereka, chinkhoswe chisachedwe."

Dailes anabweza madzi aja osamwa, nasenza usipa wake.

Atabwerera kwawo kunyanja, Dailes anaponya theka lake pathandala loyanikira nsomba.

"Psa, ufe," anatero akulira.

Linauma gwa, linachita bii. Mtima wake unayamba kukhala pansi.

Kenako mvula inagwanso. Dailes akuthamangira kukaanula usipa, anapeza ndere ija yabiriwira ngati tsiku lomwe Lawson anamupatsa. Anakhala pansi m'matopemo, usipa ukunyowa.