Kugogoda Pansi pa Simenti ya Mayi Telala

Anayamba kuziona ndi mayi telala, ndipo zinayambira m'ndowa ya madzi. Usiku umenewo anachedwa kugona chifukwa ankamaliza mayunifolomu a ana asukulu. Atasiya kupalasa makina, m'nyumba muli zii, anaona madzi a m'ndowa ya pakona akunjenjemera okha, chonsecho kunalibe mphepo. Kenako anamva ndi mapazi asanamve ndi makutu: gu, gu, gu, pansi penipeni pa simenti. Kunakhala chete pang'ono, n'kuyambiranso, katatu komweko.

"Bambo, tadzukani," ananong'oneza. "Pansipa pakugogoda."

Amuna awo, okonza njinga, munthu woti akagona ngakhale mbala ikhoza kumunyamula ndi mphasa yomwe, anangotembenuka. "Ndi akampani akuphulitsa miyala kuseri kwa phiri. Gonani."

"Akaphulitsa aja mbale zimagwa. Izi ndi zina."

Tulo sanatione. Mtima wawo unali kale m'mwamba chifukwa cha mlongo wawo wamng'ono, bambo wandevu zake koma woleredwa ndi iwo, amene anatsanzika m'mawa wa tsikulo kuti akupita kutauni kukafuna ntchito ya ulonda. Bambo awo owabereka anatsalira m'dzenje la golide, ndiye mayi telala anamulumbiritsa mlongo wawoyo kuti sadzatsikanso pansi. Mlongoyo ananena kuti akafika aimba foni. Sanaimbe.

Mudzi umenewo umadya za m'maenje. Amuna amakumba m'mbali mwa phiri, akazi amasefa mchenga kumtsinje, ndipo wosoka, wogulitsa sopo ndi wokonza njinga onse amadikira kuti okumba atuluke ndi kanthu. Lamulo lawo ndi limodzi: wotsika m'dzenje amakoleka malaya ake pamtengo wa pakamwa pa dzenjelo. Madzulo mkulu wina woika mizati m'maenje, amene onse ankamutcha a Chifuwa chifukwa cha kutsokomola kwa fumbi la zaka zambiri, ankayendera mitengo yonse. Mtengo ukakhala wopanda malaya, ndiye kuti onse atuluka.

Usiku wachiwiri anansi anabwera kudzamva okha. Anazimitsa nyali, n'kukhala pansi mumdima woti sungaone dzanja lako. Kunja nkhululu zinkalira, patali galu ankauwa mwaulesi. Kenako gu, gu, gu. Mayi wina anakokera miyendo pamtima.

"Ndi aja anakwiririka m'dzenje lakale," wina ananong'ona. "Akufuna njira."

A Chifuwa anagona chafufumimba, khutu pasimenti, akudziletsa kutsokomola. Atadzuka anapukusa mutu. "Njira ya dzenje lakale imadutsadi pansi pa nyumba zino. Koma ndayendera mitengo yonse, wakumeneko womwe. Malaya palibe. Pansi palibe munthu wamoyo, mayi."

Kutacha nkhani inali itamera nthenga. Kumtsinje ankati mayi telala anakwirira zinthu pansi pa simenti kuti makasitomala azibwera, ndiye zinthuzo zayamba kufuna zake. Anthu ake omwewo amene dzulo ankapempha kuwasokera zigamba mwaulere! Pofika masana atatu anali atadzatenga nsalu zawo zosasoka, akuyang'ana kumbali.

Mayi telala analibe nazo ntchito. Anakwera kaphiri kumene foni imagwira, n'kuimbira mnzake wa mlongo wawo kutauni. Mnzakeyo anadabwa: sanafike, ndipo sananene n'komwe kuti akubwera. Mayi telala anatsika kaphiriko, n'kukatsegula kachipinda ka mlongo wawo kuseri kwa nyumba. Nsapato zake zachikopa zinali pansi pa bedi, zopolisha bwinobwino. Jombo, tochi ndi piki yake yaifupi panalibe.

Anakawapeza a Chifuwa dzuwa likulowa. "Agogo, munthu wopita kutauni amasiya nsapato n'kuvala jombo?"

"Koma malaya, mwana wanga..."

"Malaya ake onse ndinasoka ndine. Akanawakoleka pamtengo ndikanawadziwira patali. Analowa nawo kuti ine ndisadziwe."

Zaka zonsezo a Chifuwa ankawerenga malaya, osaganizako kuti munthu angaope mlongo wake kuposa dzenje. Anathamangira kudzenje lakale ndi tochi, ndipo anabwerako akupuma movutikira: mkati munali mutagumuka dothi latsopano, lochuluka moti kulichotsa kukanatenga sabata yathunthu.

Usiku wachitatuwo kugogoda kunabwera mochedwa, kofooka, mwina kawiri kokha m'malo mwa katatu. Amuna anadzaza pakhomo ndi mafosholo, koma palibe amene ankafuna kuyamba. Ena ankaopabe mizimu. Ena ankayang'ana okonza njinga, poti simenti imeneyo anaiika chaka chatha chomwechi atavutikira zaka zitatu, ndipo ankaipukuta ndi manja awo Lamlungu lililonse.

Mayi telala anakankhira makina kukhoma, n'kulanda piki kwa munthu amene anali pafupi. Anamenya kamodzi, piki n'kudumpha. Amuna awo anawagwira dzanja, ndipo anthu ankayesa awaletsa.

"Mukumenya ngati mukupha nsabwe," anatero. "Patseni kuno. Mlamu wanga ali pansi."

Anakumba usiku wonse. Ndowa zadothi zinkadutsa m'manja mpaka kunja, ndipo amayi amiseche aja ndiwo ankazikhuthula, ena akulira ndi manyazi. Mizati yochirikiza dzenjelo itatha, a Chifuwa anazula chitseko, kenako anaphwasula bedi. Nthawi ndi nthawi ankakweza dzanja, onse n'kusiya, kumvetsera. Akamva gu, ankaloza pokumba, ndipo kawiri konse kugogodako kunawabweza atayamba kulowera kolakwika. Tambala woyamba atalira kunasiyiratu. Mayi telala anagwidwa ndi mantha oti sanawamvepo chibadwire, koma sanalole kuti aliyense apume.

Kukuyera, fosholo inaboola mphako, ndipo munatuluka mpweya wozizira wonunkha matope. A Chifuwa anatsika ndi chingwe m'chiuno. Panapita nthawi yaitali anthu akungomva madzi akudontha pansipo. Kenako kunamveka kutsokomola, ndi mawu awo: "Akupuma. Tumizani fosholo yaing'ono."

Anamupeza atagona chagada, dothi litamukwirira mpaka pachifuwa, mzati wogwa utatsamira pamwala pamwamba pa mutu wake. Madzi odontha kuchokera kudenga ndiwo anamusunga. Atamutulutsa anamugoneka pakhonde, milomo ili yong'aluka, maso akuthawa kuwala. Mayi telala anali atakonza mawu ambiri okalipa, koma anangomupukuta kumaso ndi chitenje.

"Achemwali, pepani," anatero ndi mawu apansipansi.

"Khala chete, wabodza iwe. Ukanapanda kugogoda bwenzi tikukudikira kuchokera kutauni."

Iye anawayang'ana modabwa. "Ine? Si inu mumagogoda? Ndinkamva pamwamba panga, katatukatatu. Ndikayamba kusinza kunkayambiranso. Ndimati achemwali adziwa, akubwera."

Onse anatembenukira kwa a Chifuwa. Mkuluyo anali atakhala pamulu wa dothi, akuyang'ana dzenje la pakati pa nyumba.

"Manja onse awiri anali pansi pa dothi," anatero pang'onopang'ono. "Ndawafukula ndine. Piki yake sindinaione n'komwe."

Mayi telala anakweza mutu wa mlongo wawo, n'kuugoneka pamiyendo pawo.

"Amene anagogodayo, zikomo," anatero akuyang'ana pansi. "Iwe, imwa pang'onopang'ono."